Nyale Yofiira pa Lole ya Kalilu

Kalilu anali munthu wa pakamwa, ndipo pakamwa pomwepo ndi pamene panamugwetsa. Zipani zitangochuluka m'dziko muno, mlamu wake Sufiyani anabwereka lole yake yonyamulira usipa kuti atengere anthu kumsonkhano wa chipani ku Kanyenda. Lole itabwerako, nyale yofiira ya oilo inayamba kuyaka osazimanso.

Kalilu sanafunse n'komwe. Lachisanu, anthu akutuluka mumzikiti, anaima pakhomo n'kuyamba kukuwa kuti Sufiyani wakhetsa oilo wabwino n'kuthiramo wakutha, ndale zake zapha injini ya eni. Anaiwala kuti iye ndi mkamwini chabe pamudzipo, ndipo amene akumunyozayo ndi malume a ana ake. Sufiyani anangovala nsapato zake n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo Zuhura, mkazi wa Kalilu, ankangoyankha "eya" ndi "ayi".

Pofuna umboni woti atseke nawo anthu pakamwa, Kalilu anatsegula boneti yekha. Anasolola kachitsulo koyezera: oilo anali wokwanira, wosada n'komwe. Analiza injini, nayonso inkalira ngati masiku onse. Anatsatira waya mpaka pa kasensa komangidwa m'mbali mwa injini, kamene kamayatsa nyale ija oilo akasiya kuyenda. Atakamasula ndi sipanala anapeza kang'aluka, oilo akuchucha pamutu pake. Kanangotha ndi ukalamba, panalibe dzanja la munthu.

Anapalasa njinga mpaka ku Benga, n'kugula kena kochotsedwa pa lole yakufa. Anakamanga, kulumikiza waya, n'kuliza injini. Nyale inathwanima kamodzi n'kuzima, oilo ali yemwe uja ananamizira mlamu wake.

Manyazi anamugwira. Tisamubisire, mkuluyu anaganiza zobwezeretsa kasensa kakufako kuti nyale iziyakabe mpaka anthu aiwale. Sipanala inali kale m'manja pamene Zuhura, akuchokera kunyanja kochapa, anasuzumira kutsogolo kwa lole.

"Bambo a Farida, yazima?"

"Yazima."

"Oilo mwasintha?"

"Ayi."

Zuhura anayang'ana kasensa kakufa kaja, konga chala chachikulu, kamene kanali m'dzanja la mwamuna wake.

"Ndiye achimwene anasanduka mbava chifukwa cha kameneko?"

"Ndipita kunyumba kwawo ndikapepese," anatero Kalilu, maso ali pansi.

"Kunyumba? Munawanyozera kunyumba kodi? Lachisanu mukaime pomwe munaima paja, mukweze mawu ngati tsiku lija, anthu akaone kameneko."

Anatula beseni lake n'kukayanika zovala.

Limenelo linali Lolemba. Kalilu anaika kasensa kaja m'thumba la malaya, ndipo sabata yonse kankamudetsa ndi oilo pachifuwa, koma sanayerekeze kukataya.