Zibuma za Irulandi

Kuseri kwa mudzi wa Sengulam, pamwamba pa khoma la damu, pali kachere wamkulu wa mizu yolendewera. Pansi pake padandandalika akavalo adothi a mulungu Ayyanar, ena othyoka makutu, ena opanda mutu. Apo ndi pamene ankakhala munthu woyera mtima wotchedwa Sami wa Zibuma. Anthu ankachokera kutali, mpaka ku mzinda wa Madurai, kudzagendedwa naye. Ukaima patsogolo pake utagwiriza manja, iye n'kukutukwana kuti ndiwe galu wopanda mchira, n'kukugenda chibuma cha dothi, ndiye kuti zako zayera. Unkatola chibumacho, kuchigunditsa m'maso, n'kukachisunga pa guwa la m'nyumba mwako. Amene sanagendedwe ankabwerera kwawo ali khuma ngati mwana womanidwa ndiwo.

Ponnuthayi yekha ndiye sankamugwadira. Akanagwada bwanji, pomwe ankadziwa kuti woyera mtimayu amaliza mkonono ndipo sadya mabilinganya? Anali mwamuna wake, Irulandi, msuweni wake yemwe. Ngakhale kugendako ankadziwa kumene kudachokera. Ali mtsikana, akamatunga madzi pa damu lomweli, mnyamata wina wamanyazi ankabisala kuseri kwa akavalo aja n'kumamuponyera tizibuma paphewa, poti pakamwa pake panalibe mawu ofunsira mbeta.

Chaka chimene mwana wawo wamwamuna adamira m'damumo, Irulandi adavula malaya, nadzichitira yekha mwambo wa maliro ake monga amachitira osiya za dziko, nakakhala pansi pa kachere. Adamusiya mkazi ndi khanda lalikazi, Malarkodi. Kuyambira pamenepo Ponnuthayi sanali wamasiye, komanso sanali wapabanja. Chingwe chachikasu cha ukwati chinali chikhalire m'khosi mwake, ndipo ankachipaka chikasu chatsopano chikayamba kuda.

Tsopano Malarkodi anali atakula, ndipo mnyamata anapezeka wa ku mudzi wa tsidya la mtsinje. Amayi ake a mnyamatayo, a Veerayi, anabwera ndi nthochi ndi maluwa m'mbale, nakhala pamphasa, namwa khofi wawo mosafulumira.

"Mwanayu tamukonda," anatero a Veerayi. "Koma pa ukwati, wothira madzi pa manja a ana awiriwa ndi bambo wake. Ndiye amene amapereka mwana."

"Alamu anga athira," anayankha Ponnuthayi.

"Alamu anu angathire ngati bamboyo adamwalira. Wamoyo saimiridwa. Ndiye mutiuze, mayi: chingwe chili m'khosi mwanucho chikuti ali moyo, eni ake akuti adafa. Ife timve ziti?"

Mawuwo analibe mwano, ndipo n'chifukwa chake anamupweteka kwambiri. Njira zinalipo ziwiri zokha. Irulandi athire madzi ngati bambo, kapena chingwe chidulidwe, Ponnuthayi avale zoyera, afufute kadontho kofiira pamphumi, aiwale maluwa m'tsitsi. Ndipo wamasiye saima pafupi ndi mkwatibwi.

Alendo atapita, Malarkodi anagwira amayi ake mkono. "Amayi, zisiyeni. Akakakudulirani chingwecho, pa ukwati wanga mudzakhala kuti?"

"Ndidzaonera kuseri kwa mpanda. Maso sachita umasiye."

"Ndiye ine sindikwatiwa."

"Ukwatiwa. Munthu mmodzi wokhala pansi pa mtengo m'banja muno wakwana."

Anasankha Lachisanu, tsiku limene anthu amachuluka, chifukwa zinthu zonenedwa pa anthu awiri zimasanduka mphepo. Anasamba, nadzola chikasu kumaso, natsomeka maluwa m'tsitsi ochuluka kuposa a masiku onse, poti mwina kanali komaliza. Anatenga kamtsuko ka mkuwa kodzaza madzi ndi zenga lomwetera mpunga. Anadutsa m'minda, pakati pa migwalangwa, navula nsapato pa malire a nkhalango yopatulika yozungulira kachere uja, pamene palibe wolowa atavala nsapato ndipo palibe wotulukamo ndi kamtengo ngakhale kouma.

Pa khomo panali Karuppaiya, wogulitsa lubani ndi kokonati, amene adadzipatsa yekha udindo wolondera Sami.

"Achemwali, lero nanunso mwabwera kudzagendedwa? Mzere uli uko."

"Mzere wanga ndidaima kale, patsogolo pa moto wa mwambo wa ukwati wathu. Tapatuka."

Karuppaiya anapatuka. Ndani angalimbane ndi mayi wonyamula zenga?

Sami anali atakhala pa muzu, thupi lonse lili mbuu ndi phulusa, tsitsi litapotana mpaka m'chiuno. Anali akumaliza kutukwana mphunzitsi wina wa kusukulu, amene nkhope yake inkawala ndi chimwemwe. Ataona Ponnuthayi anatembenuzira maso ku damu. Zaka zonsezi anali atatukwana dziko lonse, koma kwa iyeyu anali asanalankhulepo liwu.

Mkazi wa kwathu kuno satchula dzina la mwamuna wake. Ponnuthayi anali asanalitchulepo chikwatiwire, ngakhale m'maloto. Anaika kamtsuko pansi, naimirira chilili.

"Irulandi."

Mayi wina anadziguguda masaya kupepesa milungu m'malo mwake.

"Amene ukumuitanayo adafa," anatero Sami, maso ali ku madzi.

"Chabwino. Ndiye malizani maliro anuwo, mudawasiyira panjira." Anasolola chingwe chija m'khosi, nachitambasula, natula zenga pa mapazi ake. "Amene adamanga mfundo zitatuzi ndinu. Dulani. Mukadula, mng'ono wanu athira madzi pa manja a Malarkodi. Mukakana kudula, ndiye kuti muli moyo, muthira ndinu. Ine pano sindichoka chimanjamanja."

Sami anatola chibuma chachikulu. Anthu anasendera pafupi, ena atatambasula kale manja, ngati chingaphonye n'kugwera iwo. Dzanja linakwera, linaima m'mwamba. Kenako linatsika pang'onopang'ono, chibuma n'kubwerera pamene chinali. Zotere anthu anali asanaziwonepo.

"Madzi adanditengera mmodzi," anatero, ndipo liwu lake silinali la Sami, linali lija losasa la munthu wolima mpunga. "Ukufuna ndipereke winanso ndi madzi?"

"Nanenso adanditengera yemweyo," anayankha Ponnuthayi. "Koma m'mawa mwake ndidatsika kukatunga m'damu lomweli, chifukwa wotsalayo anali ndi ludzu. Inu mudapeza mthunzi. Sindikukuimbani mlandu, milungu ndi inu mukudziwana. Ndikungoti mwana wakula."

Apo misozi inafuna kumuchititsa manyazi, koma anaimeza. Anakwiya, inde, komanso anamumvera chisoni munthu wowondayu, amene nthiti zake zinkawerengeka pansi pa phulusa.

Irulandi anayang'ana chingwe, nayang'ana zenga. Anatambasula phazi, nalikankhira zengalo kutali, mpaka linakagunda mwendo wa kavalo wadothi. Kenako anakokera kamtsuko ka mkuwa pafupi, nasuzumiramo nthawi yaitali.

"Amafanana ndi ndani?" anafunsa.

"Mphuno ndi yanu, mwatsoka lake. Kuuma mutu ndi kwanga."

Wina m'gulumo anaseka, namezanso msanga kusekako.

"M'mudzi sindilowa."

"Palibe wakuitanani m'mudzi. Ukwati ubwera pompano, pakati pa akavalowa. Inu ntchito yanu n'kusamba m'manja ndi kutseka pakamwa. Asewere anu musadzawatche agalu."

"Sami sasamba m'manja," analowererapo Karuppaiya.

"Sami ayi. Bambo a Malarkodi amasamba."

Irulandi kamtsuko sanakabweze. Anakaika pambali pake, pa muzu, nakavindikira ndi tsamba kuti musagwere zinyalala. Ponnuthayi anabwezera chingwe m'khosi, nakatola zenga lake, natembenuka. Ankadziwa kuti wapambana, ndipo ankadziwanso kuti munthuyu kunyumba sadzabwerera mpaka kalekale. Zonse ziwirizi anazisenza pamodzi, nayamba kuyenda pa khoma la damu msana uli chiwongokere.

Asanafike patali, kanthu kanamugunda paphewa lamanzere. Kanali kachibuma kakang'ono, koponyedwa mosamala, kosapweteka ngakhale mwana.

"Mwadalitsidwa, achemwali!" anafuula Karuppaiya. "Sami akugendani!"

Anthu anathamangira kuti amukhudze mapazi. Ponnuthayi sanacheuke, chifukwa ali mtsikana sankacheukanso. Anawerama, natola kachibumako. Sanakagunditse m'maso monga amachitira anthu. Anangokamanga pa ngodya ya nsalu yake, pamene amamangapo kiyi wa nyumba, nakavala nsapato zake pa malire, napita kukauza a Veerayi kuti aitane oimba ng'oma.