Chifuwa Chobwereka

Chaka chilichonse, mphepo ya Juni ikayamba, mgodi unkatumiza anthu ake ogwira pansi kuchipatala cha m'tauni ya Bindura, ku Zimbabwe, kukajambulitsa zifuwa. Chithunzi chikatuluka bwino, munthu ankalandira khadi lomulola kutsikanso chaka china. Chikatuluka ndi timadontho ta fumbi, ankamuchotsa pansi n'kumupatsa ulonda wa pageti, ntchito ya malipiro osakwana kuphunzitsa mwana. Koma wogwidwa akuchita chinyengo pa zithunzizi ankachotsedwa tsiku lomwelo, nyumba ya kukomboni n'kupatsidwa wina.

A Enoki Kaitano anali ataboola miyala pansipo zaka makumi awiri ndi ziwiri. Chaka chimenecho anayamba kutsokomola m'mawa uliwonse, chifuwa chouma chosatulutsa kanthu. Akazi awo, a Estele, ankangowayang'ana akutsuka mbale, poti onse awiri ankadziwa kuti mwana wawo Ngoni akulemba mayeso a Fomu 4 mu Novembala.

Kukomboni kunali njira imene aliyense ankaidziwa koma osaitchula mokweza. Ankaitcha kubwereka chifuwa. Ukaopa chako, unkapeza m'bale wofanana nawe nkhope, n'kumuveka ovolosi yako, n'kumupatsa chitupa chako, akaime pamakina m'malo mwako. Anzako a pamzere ankayang'ana kumbali. A Enoki anali ndi mng'ono wawo Wiseman, amene ankachita lendi chipinda chimodzi ku Chipadze ndi mkazi wake ndi kamwana kawo Ruvarashe, n'kumagulitsa tomato pamsika. Anthu awiriwa anafanana mpaka kayendedwe.

Loweruka masana a Enoki anakamupeza pabenchi yake. Analankhula zozungulira, za mvula, za mtengo wa anyezi, mpaka Wiseman anaseka.

"Achimwene, mwabwera kudzafunsira mbeta kapena? Nenani."

"Lachiwiri n'kojambula."

"Basi? Nde manyazi onsewa? Tengani, chifuwa changa n'chatsopano, sichinagwirepo ntchito ya mzungu."

"Nanga zija za ku Madziwa?"

"Aa, zaka zitatu zokha? Inu makumi awiri. Fumbi langa n'lamwana."

A Enoki nawonso ankawerenga choncho. Wiseman anakhalapo ku Madziwako ndi makorokoza, anyamata okumba golide paokha m'maenje opapatiza, oboola mwala wouma popanda madzi ophera fumbi. Koma kwa a Enoki fumbi linkayezedwa ndi zaka, ndipo zitatu sizinali kanthu.

Lachiwiri m'mawa a Estele anam'mwetsa mlamu wawoyo makapu awiri a mkaka, poti kukomboni amati mkaka umatsuka m'mapapo. Wiseman anabwerako masana akusewera zimene anaona.

"Amakuvula malaya, amakukanikiza pachitsulo chozizira ngati firiji, manja m'chiuno ngati mkazi wolongolola. Kenaka mayi uja ali kuseri kwa galasi, 'Femai zvakasimba! Mirai makadaro!' Ndiye kuti kokani mpweya kwambiri, imani choncho. Ine gwa, osapuma. Ndinatsala pang'ono kutulutsa mkaka wa alamu."

Onse anaseka. A Enoki anadya bwino tsiku limenelo.

Patapita masiku asanu ndi atatu, kapitawo anawauza kuti akufunidwa kuchipatala, okha. Anakwera kombi, minibasi yopita kutauni. Anawalowetsa m'kachipinda kopanda zenera, momwe munali mayi wojambula uja, a Rutendo, munthu wamfupi wa magalasi, wolankhula Chishona chofatsa. Pakompyuta panali zithunzi ziwiri zoyandikana.

"Khalani, baba Kaitano. Ichi n'cha chaka chatha. Mukuona m'mapapo muli bii? Ndiye kuti mukudutsa mpweya. Tsopano onani ichi."

A Enoki sanaphunzire zowerenga zithunzi zotere, koma sanafunike kuuzidwa. M'nthiti monse munali timadontho toyera, ngati munthu wamwaza mapira pansalu yakuda. Pamwamba chakumanja panali chibanthu choyera chachikulu ngati dzira.

"Timadonthoti ndi fumbi la mwala," anatero a Rutendo. "Ichi chapamwambachi adokotala sakuchimvetsa. Mwina ndi TB, mwina n'china. Akupezerani malo Lachinayi ku Harare, kumakina aakulu aja ojambula thupi m'zigawozigawo. Malo amenewo ena amawadikira miyezi."

Kenaka a Rutendo analoza ndi cholembera pachithunzi chakale.

"Nthiti iyi inathyokapo."

"Mwala unandigwera, kale."

"Inapola, koma inasiya mfundo. Ikuoneka pazithunzi zanu zonse. Pachatsopanochi palibe." Anavula magalasi. "Baba, chifuwa ichi n'cha ndani?"

"N'changa."

"Mukatero, ndilemba kuti n'chanu. Ine si wapolisi. Mukandiuza zina, ndilembanso zomwezo, ndipo kalata ipita kumgodi, poti sindingasunge bodza m'faelo. Koma mwini chifuwa ichi akuyenda kunjaku osadziwa kanthu. Ali ndi ana?"

A Enoki anayang'ana nsapato zawo. Mutu unayamba kuthamanga wokha. Akangokhala chete, awapatsa ulonda wa pageti, nyumba ikhala, Ngoni alemba mayeso ake akugona pabedi lake. Ku Harare angathe kutumizanso Wiseman ndi chitupa chomwecho. Mankhwala angamalandire iwo n'kumakam'patsira ku Chipadze. Zonse zinkaoneka zotheka, ndipo kunena zoona, kwa kanthawi ndithu, mtima wawo unavomera.

Kenaka anaona m'maganizo Wiseman atagona pabedi la chipatala, pamwamba pake palembedwa kuti Enoki Kaitano, manesi akumuitana dzina la mwini, iye n'kumavomera. Anaganiza zoti zitavuta, chikalata cha imfa chidzatuluka m'dzina lolakwika. Bambo awo anachoka ku Dedza ali Kayitano Mbewe, kalaliki wa pamgodi n'kuwalemba kuti Kaitano Sikisi poti anali wachisanu ndi chimodzi pamzere. Anagwira ntchito ndi dzina limenelo, anadwala nalo, ndipo ndi lomwe lili pamtanda kumanda. Abale ochokera kwawo atabwera kudzaona manda, anazungulira tsiku lonse osawapeza.

"Ndi mng'ono wanga," anatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Wiseman. Wiseman Kaitano. Ali ndi mwana wa zaka zinayi, amagona chipinda chimodzi."

A Rutendo analemba dzinalo pang'onopang'ono, n'kufunsa kalembedwe kake.

"Abwere lero lomwe, tiyeze makhololo. Mwanayo ndi amayi ake abwerenso. Inu vulani malaya."

Chitsulo chija chinalidi chozizira. A Enoki anaika manja m'chiuno, anakoka mpweya, n'kuugwira. Makina analira kamodzi, basi. Chinthu chimene anachiopa miyezi yonseyi chinatha msanga kuposa kumeza malovu.

Chithunzi chitatuluka, a Rutendo anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Timadontho tilipo, koma n'tochepa. Onena ndi adokotala, osati ine." Anapumira m'mwamba. "Koma ndaona ambiri otere akupatsidwa khadi."

A Enoki anavala malaya, mabatani n'kuwasemphanitsa.

Sanakwere kombi. Anayenda wapansi mpaka ku Chipadze dzuwa lili paliwombo, akuyeseza mawu m'njira. Wiseman anawaonera patali ali kuwaza madzi pa tomato.

"Eee, bwana wa pansi pa nthaka! Ndakhoza mayeso? Mundigulire kokakola, chifuwa sabwereka chaulere."

A Enoki anakhala pakreti. Anatola tomato mmodzi, n'kumubwezera pamulu.

"Wise, tseka benchi. Akukufuna kuchipatala."

"Atigwira?"

"Ndanena ndekha."

"Mwanena? Achimwene, mwapenga? Nanga ntchito? Nanga alamu akagona kuti?"

"Ntchito yatha. Khala pansi, mphwanga."

Anamuuza zonse, za timadontho, za choyera chapamwamba, za Lachinayi ku Harare, za Ruvarashe. Sanadziwe kuzikometsa, anangozinena momwe anazimvera. Mayi wogulitsa masamba pabenchi yoyandikana anasiya kuitanira malonda.

Wiseman anaika dzanja pachifuwa ngati akufufuza kanthu m'thumba la malaya. Milomo inayesa kumwetulira koma inakanika.

"Ndimangoti ndi mphepo ya Juni," anatero. "Thukuta pogona ndimati ndi bulangeti." Anayang'ana a Enoki. "Nanga chanu?"

"Changa akuti chikanadutsa."

Apo ndiye Wiseman anagwira kumaso.

"Pepani, achimwene. Mwandikhulupirira, ine n'kukupatsani chinthu chowola. Ndakuphetserani ntchito."

"Usatero iwe."

"Ngoni alembera kuti mayeso?"

"Ndati usatero!"

Mawuwo anatuluka mwaukali, anthu n'kucheuka. A Enoki anadzuka, nayamba kulongedza tomato m'kreti. Mayi wa masamba uja anabwera mwakachetechete n'kuwalanda kretiyo.

"Pitani, ndikusungirani," anatero m'Chishona.

Ananyamuka awiriwo kulowera kutauni. Pakamtunda kotulukira m'Chipadze, Wiseman anaima, akunamizira kumanga chingwe cha nsapato. Atayenda pang'ono anaimanso, ulendo uno osanamizira kanthu, atagwira mawondo, mapewa akukwera n'kutsika. A Enoki anali atayenda naye msewu umenewu kambirimbiri chaka chimenecho, ndipo nthawi zonse ankamusiya m'mbuyo n'kumamunena kuti ndi waulesi.

Anabwerera, naima pambali pake, n'kudikira.