Ndime Yachiwiri ya Nyimbo ya a Elias

Pa tebulo lalitali limene anaika pansi pa mitengo ya pasukulu ku Lirangwe panali zakale zambiri: ayironi ya makala, wailesi imene inasiya kulankhula kalekale, mbiya yobenthuka pakamwa, ndi zithunzi za maukwati zimene zinayamba kufiira. Linali Loweruka la mu Julaye, tsiku limene aphunzitsi a Mark ndi anzawo anakonza loti anthu adzaonetse ndi kufotokoza zakale za kwawo. Kulowa kunali kwaulere, choncho ngakhale ochokera ku msika ankapatukira komweko ndi mitolo yawo kumutu.

Fyness anachokera ku Chileka wopanda chilichonse choika pa tebulopo. Bambo ake, a Elias, anamwalira iye ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo sanasiye chithunzi. Malaya awo anagawidwa kwa abale, buku lawo la nyimbo linadyedwa ndi chiswe. Chimene chinatsala ndi nyimbo imodzi yokha imene anapeka okha, ya kuthokoza pa nthawi yokolola. Fyness ankadziwa ndime yoyamba basi. Chaka chatha, mayi ake ali pafupi kupita, anamuuza kuti panali ndime yachiwiri, koma iwo sakanatha kuinena. "Ukafunse a Sikina," anatero. "Ankatonola nafe chimanga masiku amenewo."

A Sikina anali mayi wachisilamu amene kale ankakhala moyandikana ndi banja la a Elias, asanasamukire ku Lirangwe kukagulitsa zitumbuwa. Fyness anawatumizira uthenga kudzera kwa a Mark, ndipo yankho linabwera lalifupi: abwere, nyimboyo ndikuidziwa. Choncho dzina la Fyness linalembedwa pa pulogalamu, kuti adzaimba nyimbo ya bambo ake yonse. M'minibasi monse anali kupemphera chamumtima kuti Mulungu asunge mutu wa mayi wokalambayo, chifukwa panalibenso wina pansi pano woti n'kumufunsa.

A Sikina anawapeza atakhala pa mkeka kumbali, beseni la zitumbuwa lili pambali pawo.

"Muli bwanji, mayi?" anatero Fyness atagwada.

A Sikina anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiwe kamwana kaja kankandibera mtedza pa lichero?"

"Ndine, mayi. Ndinalapa."

"Unalapa, koma mtedza wanga sunabweze." Anaseka, namukoka dzanja kuti akhale pafupi. "Chipumi ichi n'cha bambo ako. Usavutike kufuna chithunzi, ukangodziyang'anira m'ndowa ya madzi."

Fyness anafuna kuti ayambe pomwepo, koma anyamata a beni anali atalowa m'bwalo, ng'oma zikulira, ndipo munthu sakanamva mnzake. Atatha a beni, bambo wina anafotokoza za m'mene ankayendera pa sitima ali mnyamata, ndipo anachedwa pa siteshoni iliyonse. Kenaka a Mark anabwera akuthamanga, pepala lili m'manja.

"Amayi, nthawi yanu yakwana. Tachita mwayi kuti a Sikina alipo. Anene okha mawuwo pamaso pa anthu, tiwajambule pa foni, kenaka inu muimbe."

A Mark anachita zonse mwaulemu. Anatenga mpando wa aphunzitsi aakulu, wa manja m'mbali, nauika pakati pa bwalo. Anawakhazika a Sikina pamenepo, nawapatsa maikolofoni. Fyness anaima pambali pawo, naimba ndime yoyamba kuti awakumbutse.

*Munagwetsa mvula, Atate,*
*pa munda wa wolungama;*
*simunadumphe wanga, Atate,*
*ine wochimwa.*

Atamaliza anatembenukira kwa a Sikina. Mayiwo anatsegula pakamwa, natsekanso. Anayang'ana maikolofoni, nayang'ana foni imene a Mark anawalozetsa kumaso. Miyendo yawo sinkafika pansi pa mpandowo.

"Yambanso," anatero.

Fyness anayambanso. Atafika pa mawu otsiriza, panali zii. Mwana wina analira kumbuyo, ndipo mayi ake anamutontholetsa.

"Yathawa," anatero a Sikina, ndipo mawuwo anamveka bwalo lonse chifukwa cha maikolofoni. "Dzulo inalipo. Lero yathawa."

Anthu ena anaseka pang'ono, osati mwachipongwe. Fyness anali atadikira chaka chonse, ndipo tsopano zinali ngati akuikanso bambo ake m'manda kachiwiri, iye yekha, anthu akuonerera. A Mark anayang'ana pepala lawo, nanena motsitsa mawu kuti mwina aitane kaye a tchopa.

"Mayi," anatero Fyness atawerama, "dzulo munali kuti pamene inabwera?"

"Pakhonde. Ndimatonola chimanga cha mdzukulu wanga." A Sikina anawabwezera a Mark maikolofoni. "Aphunzitsi, inu mwandikhazika ngati ndabwera kudzaweruza mlandu. Nyimbo imeneyi sindinaimvepo nditakhala pa mpando. Bambo ake a mwanayu ankaiimba ife tili pansi, manja ali pa ntchito. Tandichotsani pano ndisanagwe."

Mayi wina wa pafupi ndi sukulu anathamangira kwawo, nabwera ndi dengu la chimanga chosatonola ndi lichero. Anayala mkeka pamene panali mpando paja. A Sikina anakhala pansi, natambasula miyendo, nakonza mpango wawo. Anatola chimanga chimodzi, natsegula mzere woyamba ndi chala chachikulu, ndipo njere zinayamba kugwera pa lichero.

"Iwenso khala. Kapena manja ako anapita ku tauni?"

Fyness anakhala, natola chake. Amayi ena awiri anabwera osaitanidwa, chifukwa n'zovuta kuonerera anzako akutonola iwe manja ali pa chilolo. Kwa kanthawi sipanamveke china koma njere zikugwa.

"Imba pang'onopang'ono," anatero a Sikina. "Bambo ako sankathamanga. Ndipo ndikuuziretu, ine sindiimba nyimbo za kutchalitchi kwanu. Ndingonena mawu, kuimba n'kwako."

Fyness anaimba ndime yoyamba kachitatu, motsatira kuyenda kwa manja. Atamaliza, a Sikina sanadzutse mutu. Anataya chitsononkho, natola chimanga china, ndipo mawu anatuluka okha, ngati munthu akunena za nyengo.

*Chimanga n'chochepa, Atate,*
*koma ana ali moyo;*
*ndawerenga mitu pa mkeka,*
*palibe wasowa.*

Manja a Fyness anaima. A Mark anali atagwada chapatali, foni ili pansi pafupi ndi lichero.

"Nanga n'chifukwa chiyani sindinaimvepo?" anafunsa Fyness.

"Unaimva, koma unali ku msana." A Sikina anapitiriza kutonola. "Munali anayi nthawi imeneyo. Chaka chotsatira anadwala Pempho, mlongo wako uja, ndipo sanachire. Titakolola tinakhalanso pamodzi monga mwa masiku onse. Bambo ako anaimba ndime yoyamba, atafika pa yachiwiri anadzuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Kuyambira tsiku limenelo ankalekezera pa 'wochimwa'. Mayi akonso sankafuna kuimva. Ine ndinaisunga chifukwa sinali ya mwana wanga, sinkandiwotcha."

Fyness sankamukumbukira Pempho. Ankangodziwa kamtumbira kakang'ono ku manda a kwawo, kamene mayi ake ankakalambula okha chaka ndi chaka, osalola wina kuwathandiza.

"Ngati n'yolemera, isiye," anatero a Sikina. "Wayimva, basi. Anthuwa aonera tchopa, sadandaula."

Fyness anayang'ana njere zimene zinali m'manja mwake. Anaganiza za bambo ake ataima kuseri kwa nkhokwe, munthu amene ankakonda kuthokoza koma osafuna kunama pamaso pa Mulungu. Bambowo anawerenga mitu pa mkeka wa pansi pano, napeza mutu umodzi palibe, ndipo anatseka pakamwa. Koma tsopano iwo ndi mayi ndi Pempho anali kumodzi, m'manja mwa Mbusa amene amadziwa nkhosa zake ndi mayina, amene sagona mpaka yotsiriza italowa m'khola.

"Ndiimba, mayi," anatero. "Kumene aliko bambo, amuwerenganso Pempho."

Sanaimirire, ndipo maikolofoni sanaifune. Anayamba atakhala pomwepo pa mkeka. Mzere woyamba anaimba yekha, kenaka amayi awiri aja anamulandira chapansipansi, ndipo pofika pa mzere wachitatu ena a m'bwalo anali atagwira kale mayimbidwe ake. A Sikina sanaimbe. Pamene Fyness anakweza mawu pa "palibe wasowa", anamugunda pa bondo ndi chitsononkho.

"Pamenepo ankatsitsa, osati kukweza. Bwereza."

Fyness anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, natola chimanga china, nabwereza motsitsa.