Mtedza wa Mbewu

Anthu a ku Rivirivi ankati Clementina wakula tsopano. Mtsikana amene analira mwezi wathunthu atamutulutsa sukulu ya kumishoni kuti akwatiwe ndi mkulu wina wochokera ku Halale, anali atangoti phee, kumwetulira, kusesa pabwalo osatumidwa. Amalume ake, a Ambrose, amene analandira bulangeti la chitomero, ankayenda monyada ngati tambala.

Martina, mng'ono wa malemu mayi a mtsikanayo, ndiye anali ndi mantha. Mwanayo sankadya. Mikanda yake anagawira anzake. Koma chimene chinamubaya mtima Martina ndi mtedza. Mitambo itayamba kuda, anapeza mayi wa nyumba yoyandikana akuswa mtedza wa mbewu, womwe uja Clementina anaumanga yekha m'chikwatu, osalola munthu kulawako ngakhale kamodzi.

"Wandipatsa yekha," anatero mayiyo. "Akuti saufunanso."

Ndani amagawa mbewu mvula ili pakhomo? Ndi yekhayo amene sakuyembekeza kudzakolola.

Martina anaulanda mtedzawo, za manyazi analibe nazo ntchito. Anakampeza mtsikanayo atakhala kuseri kwa nkhokwe.

"Clementina, tandiyang'ana. Kodi ukuganiza zodzipha?"

A Ambrose, amene ankasema mpini chapafupi, anadzambatuka. "Iwe Martina! Mawu amenewo satchula, ukuitana tsoka!"

"Iyayi achimwene, tsoka linalowa kale, munalilandira ndinu pamodzi ndi bulangeti. Ndatchula, ndipo nditchulanso."

Clementina anamuyang'ana Martina. Anagwedeza mutu kuvomera, n'kugwera pamiyendo ya Martina, kulira mokweza.

Martina anamusisita mpaka analeka kusisima. Kenako analowa m'nyumba, natulutsa bulangeti lija, naliponya pamapazi a mlongo wake.

"Kabwezeni. Ngati mwalikonda, kakwatiweni ndinu."

"Ukuyankhula ndi mwini mbumba!"

"Mbumba yake iti, ya kumanda? Achemwali ndinawasambitsa ndi manja awa. Mwana wawo sindimusambitsa."

A Ambrose anatola bulangetilo.

Kuyambira tsikulo Clementina ankagona pamphasa ya Martina. Kumtsinje limodzi, kunkhuni limodzi, anthu anene zonena zawo. Masiku ena ankadya, ena ayi, ndipo Martina ankamufunsabe funso lija osapsatira.

Mvula itagwa, anapita naye kumunda n'kumuthira mtedza m'manja. Mtsikanayo anauyang'ana nthawi yaitali.

"Amayi, kodi umenewu ukhwima liti?"

"Sindikuuza. Udzakumba wekha."