Botolo la Nambala Seveni

Tiyese anapeza mayi ake, a Jenala, m'chigafa akukhuthulira mabotolo a tirigu m'chidebe chimodzi. Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro a bambo ake, a Simeon.

"Amayi, mukusakaniza mitundu."

A Jenala sanatukule mutu. Anati zonsezo zipite kuchigayo lero lomwe. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi amuna awo, mlimi wa fodya, ankalima tirigu kudimba, timizere tosadzaza ndi thumba lomwe. Ndipo Lachinayi lililonse ankapalasa njinga kupita kwa Mwase atatenga kaufa m'pepala, kwa Perpetua wophika masikono. Mwamuna wanji wopititsa ufa kwa mkazi wina?

Tiyese anawerenga mabotolo otsala: atatu mwa khumi ndi awiri. Naye ankakayika. Digiri yake ya zaulimi sinanenepo kanthu za Lachinayi.

Perpetua anafika masana atanyamula kanthu m'nsalu. Anagwada chapatali n'kupepesa maliro. A Jenala anamufunsa mosazungulira chimene ankachita ndi amuna awo.

"Ankandipatsa ufa, ine n'kuphika, iwo n'kuyeza bulediyo ndi lula ya ana asukulu, mayi. Akatha ankanyamuka, tiyi osamwa."

Anafotokoza kuti njere zazitali, zamng'alu wakuya pamimba, zinkatulutsa gaga wambiri kuchigayo, koma buledi wake ankafufuma. Zonenepa zinkapereka ufa wochuluka, koma buledi wake ankauma ngati njerwa. A Simeon ankakwatitsa mitundu iwiriyo, kufuna njere yonenepa ya ufa wofufuma. Chaka chino zinatheka, m'botolo la nambala seveni.

Anamasula nsalu ija. Munali buledi wamtali, wophika m'mawa womwewo ndi ufa womaliza wa seveni umene malemuwo anasiya.

"Ine sanandilole n'kulawa komwe. Anati ayambe ndi mayi akunyumba, poti ndi amene amati buledi wa m'sitolo ndi mphepo yokhayokha."

Tiyese anayang'ana mabotolo atatu aja. Seveni panalibe.

A Jenala anatenga lichero n'kukhuthuliramo chidebe chija. Tiyese ankadziwa kuti maso okha sangasiyanitse zonenepa za seveni ndi zonenepa zinazo. Komabe anakhala pansi pafupi nawo.

Mayi ake anayamba kukankha njere imodziimodzi ndi chikhadabo, zonenepa kumanja, monga ankachitira a Simeon pakhonde, masiku amene iwo ankayesa kuti bambowo akungozemba ntchito.