Kodi Usipa Uli ndi Mamba?

Perpetua anali atadula kale mutu wa kampango pamene bambo wina wovala khaki anatulukira kuseri kwa khitchini atanyamula chigubu.

"Odi kuno! Ndine Enock, dalaivala wa Mayi Chimbalanga. Tandigawirani timadzi, Landirova yamva ludzu."

Perpetua anapukuta manja pachitenje n'kumuthirira madzi. Mayi Chimbalanga anali mkulu wa alangizi a zapakhomo m'chigawo chapakati. Chaka chimenecho, 1978, Salima anapatsidwa malo amodzi okha kusukulu ya alangizi ku Zomba, ndipo amene anakhoza mayeso olemba anali awiri: Perpetua ndi mayi wina wa kuboma. Chotsala chinali chakuti Mayi Chimbalanga aone pakhomo pa aliyense, adyepo, kenako asankhe. Kalata inanena Lolemba. Koma m'mawa wa Lachisanu limeneli mwamuna wake Binwell, mphunzitsi wa pasukulu ya pafupi, anabwera wefuwefu choko chili m'manja kudzanena kuti alendo afika lero lomwe.

Perpetua anali wa kumapiri a Ntcheu, ndipo ku Senga Bay anali atakhalako miyezi isanu yokha. Nyemba ankazidziwa, kabichi ankamudziwa. Za nsomba ankadziwa chinthu chimodzi: ikakula, ulemu wakulanso. Choncho anathamangira kunyanja n'kugula kampango wamkulu kuposa onse kwa msodzi wina dzina lake Abbas.

Chigubu chinadzaza, koma Enock sanachoke. Anaima akuyang'ana nsombayo ngati munthu woona maliro a mnzake.

"Ameneyu ndi wa ndani, mayi?"

"Wa alendo."

"Alendo ake ife?"

"Pali enanso?"

Enock anaika chigubu pansi. "Pepani, koma Amayi ndi a Sabata. Nsomba yopanda mamba sayikhudza. Kampango, mlamba, zonse zoterera izi. Ngakhale mphika umene munaphikiramo zoterezi, amafunsa. Ku Nkhotakota mayi wina anawakonzera mlamba wonona, iwo anamwa tiyi yekha n'kulemba masamba awiri m'kabuku kawo."

"Analembamo chiyani?"

"Ine ndimayendetsa galimoto, mayi, siniwerenga. Koma mayi ujayo ku Zomba sanapiteko." Anakanda m'mutu. "Nkhuku mulibe?"

"Chitopa chinamaliza zonse mwezi watha."

"Ndiye fulumirani. Panopa ali kusukulu ndi amayi a m'mudzi. Afika kuno 3 koloko, ikamakwana folo tikhale tanyamuka, Sabata lisatipeze panjira." Ananyamula chigubu, n'kucheukiranso kampango uja. "Ine mpingo wanga ulibe vuto ndi ameneyu. Ndangonena kuti mudziwe."

Wotchi ya pakabati inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 2 koloko. Perpetua anaponya kampango m'beseni, n'kuvundikira, n'kusenza, n'kuuyamba wa kunyanja.

Mchenga unkatentha mpaka kupyoza nsapato. Kudoko kunali zii. Mabwato anali atagonekedwa pamtunda, maukonde atayanikidwa, osaoneka mwamuna ndi mmodzi yemwe. Pamathandala oyanikira usipa panali mayi mmodzi wachikulire, a Habiba, mkazi wa Abbas, akutembenuza tinsombato ndi dzanja.

"Akazi a aphunzitsi, mukuthamangitsidwa ndi ndani?"

"Amayi, ndikufuna chambo. Ngakhale chimodzi."

"Lachisanu masana?" A Habiba anaseka. "Amuna onse ali kumzikiti ku Juma, mwanangu. Chambo cha m'mawa anatenga a kuhotela. China mawa, Insha Allah."

Perpetua anakhala pansi pamthunzi wa thandala n'kufotokoza zonse: za Zomba, za kabuku, za mamba. A Habiba anamvetsera dzanja lili m'chiuno.

"Ndiye kuti kwa iwo kampango ndi haramu?"

"Zikuoneka choncho."

"Mulungu ali ndi anthu ambiri," anatero a Habiba. "Nanga usipa?"

Perpetua anayang'ana thandala. Kwawo usipa unali ndiwo ya pakati pa mwezi, yodya chitseko chili chotseka. Kuupereka kwa mlendo wobwera pa Landirova ya boma kunali ngati kumulandira ndi chitenje chogonera. Koma funso lina linamufika manyazi asanathe.

"Kodi usipa uli ndi mamba?"

A Habiba anatola kamodzi, kukatembenuza, kukasisita ndi chala chachikulu. Kanali see, ngati supuni.

"Walahi, zaka makumi atatu ndikuyanika usipa, palibe anandifunsapo zimenezo. Timangodya."

"Koma mukamautsuka, simupala?"

"Kupala usipa? Ungayambe Lachisanu n'kumaliza pa Idi."

Anawerama onse awiri pathandala, mitu itagundana, aliyense ndi kansomba kake. Perpetua anakayang'anitsa kudzuwa. Anakapinda. Anakanda ndi chikhadabo kuchokera kumchira kupita kumutu, osaona kanthu. Nthawi inkapita, iye ankadziwa, koma tsopano anafuna kudziwa basi, ngakhale pakanapanda za Zomba.

Kenako anaona mikono ya a Habiba. Kuyambira m'zala mpaka m'zigongono munali timadontho tonyezimira, tambirimbiri. Masiku onse ankawaona amayi a kudoko ali choncho, iye n'kumayesa ndi mchenga.

"Amayi, tabweretsani mkono."

"Iwe, ukufuna kundipala ine?"

Perpetua anavula mpango wake wakuda, nauyala pabondo, n'kusesera timadonthoto pamenepo ndi chala. Pansalu yakuda tinaoneka bwinobwino: tozungulira, topyapyala, toonekera mkati ngati khungu la anyezi.

"Masha Allah," anatero a Habiba chapansipansi. "Ndiye kuti timathothoka m'ukonde ndi m'manja mwathumu. Ine kumavutika kusamba tsiku lililonse, osadziwa kuti ndavala mamba."

Perpetua anapinda mpangowo mosamala. Chimwemwe chake sichinakhalitse. "Koma miphika yanga yonse iwiri ya ndiwo inaphikapo kampango."

"Ndani wanena za mphika?"

A Habiba anavundukula chiguduli chonyowa pabeseni lomwe linali pansi pa thandala. Munali usipa wauwisi, wonenepa, umene anasungira mwamuna wawo akabwera kumzikiti. Anatenga kamodzi, kutsina mutu ndi zala ziwiri n'kukoka. Matumbo anatuluka limodzi ndi mutuwo.

"Chowawa chili mmenemu. Ukachotsa, mlendo sadziwa kuti akudya ndiwo ya amphawi. Thira mchere ndi mandimu. Tunga pa timitengo ta nsungwi, khumi khumi. Makala akhale ofiira, opanda utsi. Mbali ino ukawerenga mpaka handiredi, tembenuza. Tomato usaphike ayi. Dula tating'ono, anyezi, kambuzi mmodzi, mandimu. Mpunga uli nawo?"

"Wa Faya."

"Ndiye ukulira chiyani?"

Anatsina mitu limodzi, a Habiba akutsina isanu pamene Perpetua watsina umodzi. Atamaliza, Perpetua anakankhira beseni la kampango kwa mayiwo.

"Tengani uyu m'malo mwake."

A Habiba anavundukula, n'kuseka mpaka kugwira thandala. "Uyu si wa bambo akwathu uyu? M'mawa amugulitsa, masana amupeza m'mbale. Lero aona zodabwitsa za Mulungu."

Itangodutsa 3 koloko Landirova inaima pansi pa mtengo wa mango. Mayi Chimbalanga anali wamtali, wowonda, wa magalasi, ndipo kabuku kaja kanali kale m'manja asanapereke moni. Sanalowe m'nyumba. Anayamba kuseri: thandala la mbale, dzenje la zinyalala, chivundikiro cha chimbudzi. Binwell ankawatsatira atavala tayi, akufotokoza zinthu zimene palibe anafunsa.

Atakhala patebulo, Perpetua anagwada n'kuwasambitsa m'manja, kenako anavundukula mbale. Timitengo ta usipa tinali titandandalikidwa pa tsamba la nthochi, tofiirira m'mbali, tikutulukabe mafuta. Nkhope ya Binwell inagwa. Anamutsatira mkazi wake mpaka pakhomo la khitchini.

"Nangozo," ananong'ona, pomutchula mfunda wake monga ankachitira zinthu zikavuta, "kampango uja ali kuti?"

"Wabwerera kwawo."

"Usipa? Kwa akuluakulu ngati awa?"

"Kakhaleni pansi, bambo, akupemphera."

Mayi Chimbalanga anapemphera mwachidule. Anatenga kamtengo kamodzi, kukayang'ana uku ndi uku, koma sanalume.

"Enock wakuuzani za ine."

"Inde, mayi."

"Pakamwa pake sipatsekeka. Chabwino. Nanga mwatsimikiza bwanji kuti kameneka kali ndi mamba? Ine sindinawaonepo. Kwathu ku Thyolo usipa umafika wouma, ndipo akuluakulu a mpingo amatsutsana nawo mpaka lero. Ine ndinangosankha kuusiya."

Binwell anayang'ana kudenga. Perpetua analowa kuchipinda n'kubwera ndi mpango uja, pamodzi ndi galasi lokulitsira zinthu limene mwamuna wake ankaphunzitsira sayansi mu Sitandade 7. Anayala mpangowo pazenera pomwe panali kuwala.

"Amathothoka usanafike pamsika, mayi. Awa ndawachotsa pamikono ya mayi amene amauyanika."

Mayi Chimbalanga anaika kabuku patebulo, koyamba chifikireni. Anavula magalasi awo, n'kuwerama ndi galasi la Binwell. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Tili ndi timizere," anatero. "Tozungulira, ngati pa chitsa cha mtengo. Aphunzitsi, munationapo?"

"Kwenikweni, mayi, m'silabasi..."

"Bwerani mudzaone."

Binwell anawerama nayenso. Enock, amene ankadyera pakhonde, anasuzumira pazenera n'kupempha kuti aoneko. Mpunga unkazizira patebulo anthu anayi akulandizana galasi.

Atabwerera pampando, Mayi Chimbalanga anadya kamtengo koyamba pang'onopang'ono, ngati munthu woponda mlatho wachilendo. Kachiwiri sikanachedwe. Pa kachitatu anathirapo tomato uja n'kupempha madzi, chifukwa kambuzi anali atagwira ntchito yake.

"Mpunga wanu sunapse pakati," anatero akutsegula kabuku.

"Inde, mayi. Ndinaufulumiza."

"Dzenje la zinyalala layandikira khitchini."

"Inde, mayi."

"Kaotchedwe aka munakaphunzira kuti?"

Perpetua anaona Binwell akumuphethira diso. Kunena kuti ndi ka kwawo kukanakhala kosavuta. Mayiwa sakanapita ku Ntcheu kukafunsa.

"Lero, mayi, cha m'ma 2 koloko. Andiphunzitsa a Habiba a kudoko."

Cholembera chinaima. "Ndiye boma likutumizeni ku Zomba, mukabwereko ndi satifiketi, mudzawaphunzitse chiyani a Habibawo?"

Perpetua anaganiza. Mayankho a m'buku anali nawo: magulu atatu a zakudya, kusoka, kusamala ana. Koma anakumbukira manja aja akutsina mitu isanu iye ali pa umodzi.

"Za nsomba ayi, mayi. Mwina kachewere. Akuti sanamuphikepo, amamuopa kuti ndi wa azungu."

Mayi Chimbalanga anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Ngati anamwetulira, zinathera mkati. Analemba mzere umodzi, n'kutseka kabuku. Panja Enock analiza hutala kamodzi, mwaulemu.

Mayiwo anatsegula chikwama n'kutulutsa fomu. "Lembani dzina lanu apa, nambala ya khadi la chipani apa. Maphunziro ayamba pa 8 Januwale. Mudzatenge bulangeti ndi ndowa." Perpetua analemba. Kenako fomuyo inatsetserekera kwa Binwell. "Apa ndi pa mwamuna. Popanda inu sapita."

Binwell anatulutsa cholembera chake chofiira chochongera makope, n'kuyamba kuwerenga fomuyo kuyambira pamwamba, monga mphunzitsi. Iye ndiye anamulimbikitsa mkazi wake kulemba mayeso aja, ndipo anauza aphunzitsi anzake onse za kukhoza kwake. Pakati pa tsamba chala chake chinaima.

"Miyezi isanu ndi inayi? Yogonera komweko?"

"Mumayesa amapita m'mawa n'kubwera madzulo, ku Zomba?"

Binwell anayang'ana mkazi wake. Perpetua anangosonkhanitsa timitengo topanda kanthu m'mbale, kamodzikamodzi, maso ali pa cholembera.

"Nanga ine ndizidya chiyani?" anafunsa Binwell, mawu atachepa.

Mayi Chimbalanga anaimirira n'kukoleka chikwama paphewa. "Aphunzitsi, nyanja ili apo. Dzuwa likundithawa."

Binwell anasaina.