Kwawo kwa Delbert Ndinkakudziwa Kale

Mlongo wanga Bernadette atandiimbira foni kuti mwana wake Lorraine wapeza mwamuna, ndinafunsa funso lomwe malume aliyense amayamba nalo: kwawo n'kuti? Ndinkayembekezera kumva Dedza kapena Chipata, zikavutitsitsa ndiye Nottingham. Bernadette anati mnyamatayo ndi wa ku America, dzina lake Delbert, wa mtundu wa Anavajo, ndipo kwawo ndi kuchigwa china cha m'chipululu chotchedwa Monument Valley. Ananditumizira chithunzi cha kumeneko. Nditangochiona ndinakhala pa katoni ya sopo pakati pa weyahausi yosungiramo katundu yomwe ndimagwirako ntchito, mpaka kapitawo anabwera kudzafunsa ngati ndadwala.

Malowo ndinkawadziwa. Miyala ikuluikulu yofiira itaima njo pakati pa mchenga, iwiri yooneka ngati zikhatho zotukula chala chachikulu. Ine Sosten ndinakulira m'munsi mwa miyala imeneyo, ngakhale thupi langa linali ku Ndirande, m'kanyumba ka zigwagwa koonetseramo mavidiyo. Filimu iliyonse ya makauboyi inkachitikira pamenepo. Chingelezi sitinkamva, koma tinkadziwa kuti ovala zipewa ndi athu ndipo ovala nthenga ndi adani. Anzanga ananditcha Sherifu, mkulu wa apolisi wa m'mafilimuwo, ndipo dzinalo linawoloka nane nyanja. Mpaka lero pa maphwando a Amalawi muno mu Leicester, mukaona bambo wa mimba atavala chipewa cha kauboyi m'dziko lopanda dzuwa, musavutike n'kufunsa kuti ndi ndani.

"Achimwene, inu ndinu eni mbumba," anatero Bernadette. "Bambo a mwanayu anatisiya kalekale. Popanda mawu anu ine sindinganene kanthu."

Delbert anali woti abwera Lamlungu kudzaonekera. Ndinene zoona, ndinachita mantha. Lorraine ndinamulera nawo ine. Njinga anaphunzirira m'manja mwanga ku Braunstone Park, ndipo ndi yekhayo amene amagogoda pakhomo panga Loweruka kudzaona ngati ndikadali moyo. Ndinkaona kale akumutengera ku chitengwa cha m'chipululu, ine n'kumangomuona pa foni ngati munthu wa m'nkhani.

Kwathu malume savomereza ukwati asanaone kwawo kwa mwamuna. Amapita ndithu, kukaona ngati kuli nkhokwe, ngati anthu ake amapatsana moni. Ine ku America sindikanatha kupita, koma sindinadandaule. Ndinalowa m'sitolo ya zinthu zakale pa Narborough Road, ndinagula mafilimu a makauboyi odzaza jumbo, n'kuyamba kafukufuku. Sabata yonseyo ndikaweruka ndinkakhala pa sofa kuyendera mudzi wa apongozi. Lachisanu ndinapereka lipoti kwa Bernadette. Kulibe mjigo. Kulibe munda ngakhale wa chinangwa. Chipatala sindinachione. Mtengo ndinauona umodzi wokha, ndipo umenewonso ankapachikapo munthu.

Bernadette ndi nesi, ndipo anandiyang'ana mmene amayang'anira odwala okana mankhwala.

Loweruka Lorraine anabwera monga mwa nthawi zonse. Mwanayu anaphunzira za miyala ku yunivesite ya konkuno, ndipo ndi kumene anakumana ndi Delbert, onse awiri akugogoda matanthwe ndi tinyundo pomwe anzawo ankaphunzira ntchito zenizeni. Chichewa amamva bwinobwino koma amayankha m'Chingelezi. Ndinamuuza maganizo anga akuti miyala ija inachita kumera ngati zulu za chiswe, kapena eni mafilimu anaimanga okha kuti pakongole. Anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

Anati miyala ija sinamere. Kalekale dziko lonse la kumeneko linali lathyathyathya, lokwera kufika pamwamba pa miyalayo. Madzi, mphepo ndi chisanu zinakhala zikulidya pang'onopang'ono, kunyamula mchenga kupita nawo kutali, mpaka chigwa chonse chinaphwa. Zimene timaona zitaima lero ndi zotsala chabe, zomwe zinapulumuka chifukwa pamwamba pake pali thanthwe lolimba lozitchinjiriza. Pakati pake paja, pomwe pali potsetsereka ngati khoma, ndi milu ya mchenga wa chipululu china chakale kwambiri umene unauma n'kusanduka mwala. Kufiirako ndi dzimbiri basi, chifukwa mumchengamo muli chitsulo. Ine ndinangogwira mawu omalizawo n'kuwawonjezera pa milandu ya Delbert: dziko lake ndi ladzimbiri.

Potuluka anaima pakhomo n'kuyesetsa kulankhula chinenero cha amayi ake, chomwe amachisungira zinthu zofunika zokhazokha.

"Malume, pliz. Mawa musavale chipewa chija."

Ndinachivala. Ndinachipukutanso ndi kansalu konyowa.

Lamlungu titachoka ku tchalitchi tinakhala m'nyumba ya Bernadette ku Braunstone kudikira. Ndinkayembekezera munthu wamtali, wa nkhope yosasekerera. Amene anatsika basi anali kamnyamata ka magalasi, kovala jekete la mvula, katanyamula mwendo wa nkhosa umene kanagula kwa Farouk wogulitsa nyama ku Highfields. Popatsana moni sanafinye dzanja langa, anangolikhudza. Maso anali pansi. Bernadette atalowa kuchokera kukhitchini, mnyamatayo anatembenukira kumbali, osamuyang'ana kumaso ngakhale pang'ono. Ndinanong'oneza mlongo wanga kuti m'mafilimu oyang'ana pansi chonchi amakhala akukonza chiwembu. Anandiponda chala n'kunena kuti chikhalire ku England sanaonepo mnyamata wodziwa kuopa apongozi ngati ameneyu.

Podzidziwitsa, Delbert sanayambe ndi za sukulu kapena ntchito. Anatchula mfunda wa amayi ake, kenako wa bambo ake, kenako ya agogo ake a mbali zonse. Atatha anandiyang'ana mwaulemu kudikira yanga. Ndinati ndine Mbewe. Za agogo enawo ndinachita kuyang'ana kwa Bernadette, ndipo iyenso anayang'ana kudenga.

Titadya ndinatulutsa chida changa chachikulu. Ndinati ndiike filimu kuti mlendo amve ngati ali kwawo, koma mumtima ndinkafuna kuona nkhope yake mfuti zikayamba kulira. Lorraine anaphimba kumaso ndi pilo. Nyimbo inayamba, miyala yofiira inatulukira, ngolo ikuthamanga, okwera pa mahatchi ovala nthenga akuithamangitsa. Mfuti inalira, mmodzi anagwa chagada m'fumbi. Apa ndi pomwe Ndirande inandigwira. Manja anga anaomba okha, pakamwa panatuluka mawu ndisanawalole.

"Wagwa ameneyo!"

Delbert anapempha kuti ndibweze kumbuyo pang'ono. Anayandikira wailesi ya kanema, anakonza magalasi, anayang'anitsitsa munthu wagwayo. Kenako anati ayi, si ameneyo, mwina wotsatirayo. Agogo ake aamuna anali oweta nkhosa m'chigwamo, ndipo anthu a mafilimu akabwera ankawalemba ganyu yogwa pa hatchi. Ankafa m'mawa, madzulo n'kukatsekera nkhosa. Nthenga zija sizinali za mtundu wawo n'komwe, ankangopatsidwa kuti akhale mtundu uliwonse womwe filimuyo ikufuna. Ankanena izi akumwetulira, wopanda mkwiyo. Analoza ndi milomo mwala wina pa kanemayo n'kunena kuti kuseri kwake, komwe kamera sinkafika, ndi komwe kuli nyumba ya amayi ake. Anawonjeza kuti agogowo pambuyo pake anakagwira ntchito m'migodi ya yureniyamu ya konko, anabwerako ndi chifuwa, ndipo ulendo umene anafa zenizeni panalibe wojambula.

Chipewa ndinachivula. Ndinasowa pochiika, ndiye ndinachikhalira.

Komabe malume ndi malume, ngakhale atachita manyazi. Ndinakhosomola n'kufunsa funso lomwe ndinabwerera: kodi mwana wathuyu mukamusiya kuseri kwa mwala umenewo? Delbert anadabwa. Anati kwawo mwamuna ndiye amatsata mkazi. Ana amakhala a mfunda wa amayi awo, ndipo amalume awo amakhala ndi mawu pa iwo. Ntchito anali atapeza kale ku kampani ina yoyeza nthaka cha ku Loughborough, ndipo nyumba ankafuna ya kufupi ndi Bernadette, koma osati moyang'anizana makomo. Chikamwini chenicheni, anthuni, chochokera ku America. Mtima wanga unagwa pansi moti ndinatsala pang'ono kumufunsa ngati alibe mng'ono wake woti tipatse mwana wa anzathu a Mwila a ku tchalitchi.

Ndinali nditatsegula kale pakamwa kuti ndivomere pomwe Lorraine anati vuto silili kuno. Amayi a Delbert anali asanalole. Ananena kuti salankhula ndi ana, akufuna malume wa mtsikanayo. Kwawoko kunali kutangocha kumene, ndipo ankadikira foni.

Pa foni panatulukira mayi wachikulire wovala bulauzi yofiirira ndi mikanda yobiriwira, atakhala pa mpando wa pulasitiki ngati ya pa maliro kwathu. Kumbuyo kwawo kunali galimoto yakale itanyamula mgolo wa madzi, ndi nkhosa zikukankhana pa chipata cha khola. Kumbuyo kwa zonsezo kunali mwala wanga uja, womwe ndinaulipirira ndalama za mpamba wa zitumbuwa za amayi kuti ndiuone. Iwo anali ataufulatira ngati khoma la bafa.

Analankhula m'chinenero chawo, Delbert akumasulira, thukuta lili kamukamu. Anati dziko lathu akulidziwa. Analiona pa kanema. Kuli ana otupa mimba, ntchentche zili m'maso. Kuli mikango, ndiponso anyamata a mfuti okwera pa malole. Kodi ndi kumene mwana wawo adzathere?

Ndinapsa mtima. Ndani amaweruza dziko la eni ake chifukwa cha zoonera pa kanema? Mawuwo anali atafika kale pa lilime. Lorraine anangoyang'ana mlomo wa chipewa womwe unkasuzumira pansi pa thalauza langa. Ndinawameza.

Ndinafotokoza modekha kuti mkango ndinauonera ku England, kumalo osungirako nyama, komanso kuti mbumba yathu pano ili konkuno ku Leicester. Mayiwo anati ndiwaonetse. Ndinanyamula foni kupita nayo pa zenera. Mvula inali ikuwaza. Panali migolo ya zinyalala itandandalikana, matiresi onyowa omwe aneba anataya pa kapinga, ndi basi ikudutsa yopanda munthu. Ndinayesa kupendeketsa foni kuti aone mtengo wa pakona, koma mtengowo unali utayoyola masamba. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti kumwamba kuli kuti.

Mafunso otsatira Delbert anawamasulira ndi mawu otsika. Mayiwo anati mchombo wa Delbert unakwiriridwa m'khola la nkhosa lija, kuti azikumbukira kobwerera. Ana ena onse anapita m'mizinda, mmodzimmodzi, ndipo uyu ndiye ankati akamaliza sukulu adzabwera. Akadzadwala kunoko, adzamuyendera ndani? Akadzayambana ndi mkazi wake, adzagogoda pa khomo la yani, poti onse omuzungulira ndi a kuchikazi?

"Akuti kwathuko zonse zimapita," anatero Delbert. "Timatsala ndi ife ndi miyalayi."

Ndinakumbukira zomwe Lorraine anandiuza dzulo lake pa tiyi, zoti miyala ija ndi zotsala chabe, zomwe sindinazilabadire. Ndinakumbukiranso amayi anga ataima pa depoti ku Blantyre, tsiku lomwe Bernadette ananditsatira kuno, nyumba n'kutsala ndi iwo okha. Sabata yonse ndinkanola mano kuti mlendo asatibere mwana, osadziwa kuti akuba ndife.

"Auze kuti adzagogoda kwa ine," ndinatero. "Ndine malume wa mkazi wake, koma kuyambira lero ndine wakenso. Ndipo chaka chilichonse nthawi yometa nkhosa adzabwera kwanuko, ngakhale ndichite kumukweza ndekha ndege."

Delbert anamasulira, mawu akumuthawa. Mayiwo anandiyang'ana kudzera m'kafoni kaja, ine bambo wa dazi, wa chipewa chophwanyika m'manja. Anagwedeza mutu kamodzi n'kunena mawu afupiafupi. Bernadette anagwira dzanja la Lorraine. Panalibe wofunika kumasulira.

Mayiwo foni sanadule. Mwina sankadziwa podina, mwina sanafune kuti mwana wawo awaone nkhope. Anangoitembenuza kuti iyang'ane kwina. Pa galasi panadzaza mwala wofiira uja, dzuwa la m'mawa likuuwomba mbali imodzi, wopanda nyimbo, wopanda hatchi, wopanda mfuti. Chimene chinkamveka ndi nkhosa, ndi munthu akumina chapafupi. Tonse anayi tinakhala pa sofa kuonerera, ndipo ulendo uno manja anga anakhala phee pa maondo.